Nsapato zoyendera ku Gold Reef City patatha miyezi 8: soli ikadali bwino, vuto ndi chidendene

Alamu anga akubwera ndi ana ku Johannesburg pa tchuthi cha Disembala, ndipo andifunsa ngati angagule nsapato ngati zanga zija zoti azikayendera ku Gold Reef City, malo a zisangalalo amumzindawo. Kungoti eya kapena ayi n'kuwanamiza, choncho ndalemba zonse.

Ndi nsapato zothamangira, zopepuka, za nsalu yaukonde pamwamba ndi soli ya siponji ya EVA. Ndinagula mu Marichi pa R1 300, n'kugulanso ma insole a gel (zopondapo zofewa zoika mkati mwa nsapato) komanso masokosi ofinya mwendo a 15–20 mmHg (muyeso wa mphamvu yake yofinya). Zapita ku Gold Reef City kanayi, ku uShaka Marine World ku Durban kamodzi, kuwonjezera pa maulendo a masiku onse. Tsiku lathunthu kumalo oterewa foni yanga imawerenga masitepe pakati pa 14 000 ndi 18 000, onsewo pa simenti ndi njerwa, osapondapo dothi ngakhale pang'ono.

Soli sinaphwe. Ndikaidina ndi chala chachikulu imabwerera, ndipo ndikaziika patebulo siziweramira mbali imodzi. Nsapato za mtundu uwu zimatha mphamvu zikayenda makilomita 500 mpaka 800, ndiye izi zidakali ndi moyo. Nsalu yapamwamba imalowetsa mpweya, ikanyowa imauma usiku umodzi mukaitsendera manyuzipepala. Saizi ndinailondola chifukwa ndinayesa madzulo, phazi litatupa kale, n'kusiya mpata wa chala chachikulu cha dzanja pakati pa chala chachitali cha phazi ndi nsonga ya nsapato. Zikhadabo sizinade.

Vuto lili kumbuyo, mkati mwa chidendene cha nsapato yakumanzere. Mwezi wachisanu nsalu yamkati inayamba kuchita ubweya, kenako inabooka kadzenje kokwana ndalama ya R2. Kuseri kwa nsaluyo kuli kasiponji kopyapyala, ndipo kuseri kwa kasiponjiko kuli pulasitiki yolimba yomwe imagwira chidendene kuti chisapendeke. Kasiponji kakatha, mkombero wa pulasitikiyo umakhula khungu pamwamba pa fupa la chidendene pa sitepe iliyonse. Pa ulendo wopita kusitolo simungamve kanthu. Pa tsiku la maola 7 malowo amayamba kutentha cha m'ma 11 koloko, pofika 2 koloko thuza latuluka, ndipo mukayamba kutsimphina pothawa ululu, katumba ndi bondo la mwendo winawo ndi zomwe zimalipira.

Poyamba ndinkati nsaluyo ndi yachabechabe basi. Nditazivula n'kuyang'anitsitsa, gawo lina la mlandu ndi langa. Insole ya gel ija ndinaisanjika pamwamba pa yomwe inabwera ndi nsapato. Chidendene chinakwera ndi mamilimita 4 kapena 5, n'kutuluka m'kachikho kake, ndiye chinkakwera ndi kutsika poyenda, kumapala nsalu. Mukafuna kuika insole ina, yakaleyo izichoka kaye. Ikani yakale pamwamba pa yatsopano, jambulani ndi cholembera, dulani ndi sizasi kutsogolo kokha. Komabe yakumanja inali ndi ma insole awiri omwewo ndipo sinabooke, choncho opanga asadzichotse.

Chomwe chinathetsa kuterereka kwa chidendene ndi kabowo komaliza ka zingwe, kamene ambiri amakasiya. Mangani zingwe monga mwa masiku onse mpaka pa kabowo kachiwiri kuchokera pamwamba. Chingwe chilichonse chilowetseni m'kabowo komaliza ka mbali yake yomweyo, kuchokera kunja kulowa mkati, musiye kagoba. Pingasitsani zingwezo, chilichonse chilowe m'kagoba ka mbali inayo, kokerani pansi mpaka kakolo kagwidwe, kenako mangani mfundo. Pamwamba pa phazi pasathine, pongofunika kugwira ndi pakakolo. Pakadzenje paja wosoka nsapato anamatapo kachikopa kofewa pa R80, ndipo mpaka pano sikanamatuke.

Thuza limafuna zinthu ziwiri, kukhulana ndi chinyezi. Masokosi a thonje amamwa thukuta n'kukhala nalo, khungu limafewa, likafewa limanyuka msanga. Valani a polyester kapena a ubweya wa merino, ndipo ena akhale m'chikwama. Mukakwera zamadzi n'kunyowa, sinthani pompo. Malo omwe mukudziwa kuti amakuvutani mateni tepi ya zinc oxide m'mawa, khungu lili louma, osati mutamva kale kutentha. Thuza likatuluka musaliboole ngati silikukuletsani kuponda, mateni pulasitala ya hydrocolloid.

Zomwe sindinaziyembekezere ndi masokosi ofinya aja. Ndinawagula mokayika, ndikuwaona ngati a agogo, koma ndiwo apindula kuposa zonse. Kumalo a zisangalalo chomwe chimalemeretsa miyendo kwambiri ndi kuima. Munthu akamayenda, akatumba amafinya mitsempha n'kumakankhira magazi m'mwamba. Mukaima mphindi 40 pamzere wa zokwera monga Anaconda kapena Tower of Terror, akatumba sagwira ntchito, magazi ndi madzi zimaunjikana m'akakolo, madzulo nsapato n'kumathina. Masokosiwa amafinya kwambiri pakakolo, n'kumachepa mphamvu akamakwera kubondo. Avaleni m'mawa miyendo isanatupe, asakhale ndi makwinya, ndipo musawapinde pamwamba chifukwa mkombero wopindawo umamanga mwendo ngati lamba. Saizi yake imatengera kuzungulira kwa kakolo ndi katumba, osati nambala ya nsapato. Ndimachapa pamanja ndi madzi ozizira, kuyanika pamthunzi. Patatha miyezi 8 ayamba kulefuka pang'ono, nthawi yake yosintha yakwana. Amene ali ndi shuga, dzanzi la kumapazi kapena vuto la mitsempha yobweretsa magazi kumiyendo afunse kaye dokotala asanavale.

Muli pamzerepo, nyang'amani ndi zala n'kutsika ka 15, mubwereze pakapita mphindi zingapo. Maola awiri aliwonse khalani pansi mphindi 10. Mukafika kunyumba, tsamirani khoma ndi manja, mwendo umodzi kumbuyo, bondo lowongoka, chidendene chili pansi, masekondi 30, katatu mwendo uliwonse. Kenako gubuduzani botolo la madzi oundana kunsi kwa phazi mphindi 10, mutavala sokosi, n'kugona miyendo itakwera pakhoma mphindi 15. Ngati chidendene chikubaya mukangoponda pansi m'mawa, n'kumachepa mukayendayenda, chingakhale chizindikiro cha plantar fasciitis, vuto la mnofu wolimba wa kunsi kwa phazi. Chikapitirira masabata awiri kapena atatu kapimitseni.

Zakusitolo ndiye zimandiwawabe. Lamulo la South Africa la Consumer Protection Act la 2008, gawo 56, limapatsa wogula miyezi 6 kuti abweze katundu wolakwika, ndipo wosankha ndi wogulayo: kukonzedwa, kusinthidwa kapena kubwezeredwa ndalama. Kutha kwa chinthu chifukwa chogwiritsa ntchito sikuwerengedwa. Ine kadzenje ndinakaona mwezi wachisanu, koma ndinapita mwezi wachisanu ndi chiwiri, lisiti itasuluka kale. Wogulitsa anangopisa chala mkati, n'kuti nsapato zatha zokha, nthawi yadutsanso. Insole ya gel imeneyo anandigulitsa ndi iwo omwe, patsiku lomwelo, osanenapo kuti ndichotse yakale.

Tsiku lomwe ndinachoka kusitoloko ndinkati sindidzagulanso. Lero ndikawerengera, R1 300 kuwonjezera R80 ya wosoka, nsapato zikuyendabe ndipo Disembala zimaliza. R250 ya gel ndiyo inalowa m'madzi. Alamu, gulani, koma kusitolo ina, gel muisiye. Mugule pano kuti muyambe mwaziyendera masabata awiri kapena atatu, lisiti muijambule pa foni tsiku lomwelo, ndipo mwezi wachinayi mupise chala kuchidendene mumve ngati nsalu yayamba ubweya.