Uphungu wa pa CDSS yakwathu: ine ndaupatsa 4 pa 5

Mwana wa achemwali anga anatenga mimba ali fomu 2, atachira amalume ake, achimwene anga, anangoti basi akwatiwe, ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Ndiye ndinapita kwa madamu amene amapereka uphungu pasukulupo, amagwira ntchito limodzi ndi amayi a mother group, ndimaganiza kuti angondiwerengera malamulo ndizipita.

Malamulo anatchuladi, kuti boma linalola kuyambira 1993 mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, komanso kuyambira 2017 ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa olo makolo avomere. Koma chomwe chinandigwira mtima ndi momwe anayankhulira ndi achimwene. Anabwera okha kumudzi atavala chitenje, anakana mpando nakhala pamphasa, mawu oti jenda sanawatchule olo kamodzi. Anangofunsa kuti, bambo inu si mwini mbumba kodi, nanga mbumba imeneyi mawa idzaima pa ndani ngati si pa mtsikanayu? Kuno kwathu munda umadutsira kwa mkazi, ana ndi a kuchikazi, ndiye mukufuna wodzasunga mundawo asadziwe kuwerenga pepala loti asaine? Anawakumbutsanso za Inkosi Kachindamoto ku Dedza, mfumu yachikazi imene inathetsa maukwati ambirimbiri a ana. Achimwene anangoti zii akukanda pansi ndi kamtengo, sabata yotsatira anagulitsa mbuzi nkulipira fizi okha.

Anankungwi nawo madamu sanawanyoze ayi, anawaitana kuti azilangiza za ukhondo ndi ulemu, za kusasa fumbi zija ndi zomwe anagwirizana kuti zisiyidwe.

Chandidandaulitsa ndi malo. Madamuwo alibe chipinda chawochawo, amacheza ndi ana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi ya ahedi, aliyense wodutsa amaona kuti uje ali ndi nkhani, mwana wathu masiku oyamba ankabwera akulira chifukwa cha zimenezi. Komanso anyamata sakuitanidwa mokwanira, chonsecho amene ankamuimbira nyimbo zomunyoza mkalasi ndi iwowo, mnyamata wanga yemwe mpaka pano amati kutsuka mbale ndi kwa atsikana.

Madamu amakumana ndi ana Lachitatu masana ndipo salipiritsa. Ngati mukupita, tenganani ndi amalume a mwanayo, musapite amayi nokha.