Zotsekera m'makutu za siponji ndi za labala: maganizo a wowomba nsalu

Mukafunsa anzanga a m'chipinda chowombera nsalu chimene chimawatopetsa pantchito, ambiri amayamba ndi malipiro ndi kuima tsiku lonse. Mukapitiriza kucheza nawo, nkhani imathera pa phokoso. Munthu umaweruka makutu akulira, ana akulankhula iwe ukungoti "wati chiyani?", wailesi waikweza mpaka akunyumba kudandaula. Ntchito yowombayi ndimaikonda, kuona ulusi ukusanduka nsalu pamaso pako kumasangalatsa ndithu, koma phokoso limachititsa munthu kuida ntchito imene amaidziwa bwino.

Akatswiri a NIOSH, bungwe la ku America lofufuza za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, amati madesibelo (muyezo wa kukula kwa phokoso) 85 ndiwo malire pa maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 3, nthawi yoyenera kukhalamo imadulidwa pakati. Pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Makina akale owombera nsalu akamalira onse pamodzi amafika chapomwepo, ife tili momwemo shifiti yonse. Timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso.

Ndagwiritsa ntchito mitundu iwiri ya zotsekera m'makutu. Za siponji zija zimatseka bwino kwambiri, bola uzilowetse moyenera: uzifinye ndi zala mpaka zitaonda, ukokere khutu m'mwamba ndi dzanja linalo, ulowetse, ugwirire kwa masekondi 20 kapena 30 kuti zifufume. Vuto lake lili pa zala. Manja athu amakhala ndi oyilo ndi fumbi la thonje, ndipo kapitawo akakuitana umachotsa, kenako n'kufinyanso ndi manja omwewo. Pofika masana kasiponji kada bii, khutu layamba kuyabwa. Ambiri amangozitsamiritsa pakhomo pa khutu kuti azioneka ngati avala, pomwe phokoso likulowa lonse.

Za labala zokhala ndi timizere titatu ndi kachingwe ndi zimene ndakhazikika nazo. Zili ndi kogwirira, choncho mbali yolowa m'khutu suikhudza. Zimatsukika ndi sopo. Kunena zoona sizitseka kufika pa za siponji zolowetsedwa bwino, ndipo masiku oyamba zimapweteka pang'ono, koma zimakhala m'khutu tsiku lonse, ndiye phindu lake lagona pamenepo. Kachingweko kadutse kumbuyo kwa khosi, mkati mwa kolala. Chingwe cholendewera pafupi ndi makina oyenda si chinthu chosewera nacho.

Ndinkaopa kuti ndikatseka makutu sindidzamva makina akayamba kuvuta, poti wowomba amadziwa makina ake ndi khutu. Sizinatero. Chiphokoso chikachepa, kugogoda kwachilendo ndimakumva msanga kuposa kale. Chimene chimasowa ndi macheza. Timalankhulana ndi manja ndi milomo, monga ankachitira owomba nsalu a ku Lancashire ku England, amene ankawerengana milomo kudutsa chipinda chonse. Anzanga ena amakana kuvala chifukwa cha zimenezi, amati shifiti imatalika ukakhala wekha m'mutu mwako, ndipo ndimawamvetsa.

Dandaulo langa lipite kwa ogula zipangizo m'mafakitale: amabweretsa saizi imodzi ya aliyense. Amayi ambiri amene ndimagwira nawo ntchito ali ndi timabowo ta makutu tating'ono, zazikuluzo zimawapweteka, amazivula isanakwane nthawi yopuma. Zing'onozing'ono zilipo pamsika, ingofunika kuziitanitsa pamodzi ndi zinazo.