Gutenberg kapena Classic Editor pa WordPress

Mu Disembala 2018, WordPress 5.0 (WordPress ndi pulogalamu yopangira mawebusayiti) inabweretsa Gutenberg, njira yolembera imene imagawa tsamba m'zigawozigawo, pomwe Classic Editor, njira yakale yolembera, ili ndi bokosi limodzi lokha lolembamo. Zonsezi n'zaulere.

Gutenberg imalola munthu kusuntha chithunzi, mutu kapena ndime ngakhale asakudziwa HTML, chinenero cha kompyuta cholembera masamba a pa intaneti. Classic Editor sivuta kuiphunzira, koma kukongoletsa nayo tsamba n'kovuta.

Chodetsa nkhawa n'chakuti kafukufuku amene bungwe la WPCampus, la anthu ogwiritsa ntchito WordPress m'mayunivesite, linachititsa mu 2019 anapeza kuti Gutenberg inali ndi zopinga zambiri kwa anthu osaona, amene amadalira kiyibodi ndi pulogalamu yowawerengera mawu mokweza, ngakhale kuti zina mwa zopingazo zakonzedwa tsopano.

Wokonza masamba a zithunzi zambiri asankhe Gutenberg, koma wolemba nkhani zokhazokha, kapena wosagwiritsa ntchito mausi, Classic Editor ikumuyenerabe.