Kusintha mafoloko okha kapena kutsogolo konse?

Amene akufuna kuika mafoloko (mapaipi awiri ogwira gudumu la kutsogolo) a njinga ina pa njinga yake yamoto yothamangira m'matope ali ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi kuchotsa mafoloko okha n'kulowetsa ena mu triple clamp yakale, chitsulo chomwe chimamangirira mafoloko ku fulemu. Imaoneka yosavuta, koma ndi yomwe imapusitsa anthu. Mafoloko a kampani ya KYB pa Yamaha YZ zikuluzikulu zamakono ndi a WP pa KTM zikuluzikulu onse amatchedwa a 48mm, pomwe a Showa pa Honda CRF450R kuyambira 2017 ndi a 49mm. Nambala imeneyi ndi ya paipi yamkati. Pamene clamp imagwira ndi pa paipi yakunja, ndipo kunenepa kwake kumasiyana. Ngakhale mafolokowo atalowa, mavuto ena akudikira pansi: ekiselo (chitsulo chomwe gudumu limazungulirapo) yosiyana kukula, kalipa (chopanira cha buleki) yosagwirizana ndi disiki, gudumu losakhala pakati. Mumayamba kusulitsa tizitsulo totsekera mipata.

Yachiwiri ndi kutenga zonse za kutsogolo kwa njinga imodzi: mafoloko, clamp, ekiselo, gudumu ndi buleki. Izi zinapangidwira limodzi, choncho ntchito imatsala pa khosi la fulemu. Yezani kutalika kwa stem (chitsulo cha clamp cholowa m'khosilo) ndi kukula kwa mabeyaring'i. Zikasiyana, stem yakale imatha kukanikizidwa mu clamp yatsopano. Ndalama zimapita zambiri, koma ine ndimasankha iyi.

Njira iliyonse, yezani kutalika kwa mafoloko. Aatali amakweza kutsogolo, njinga n'kumakana kukhota msanga, ndipo masipuling'i ayenera kugwirizana ndi kulemera kwa wokwera.