Kashopu ka makompyuta pa Chitakale: zabwino zake ndi pomwe kanandikhumudwitsa

Ndine mlembi wa kalabu yathu ya alimi a tiyi ang'onoang'ono kuno ku Mulanje. Ntchito yanga ndi kulemba makilogalamu a masamba amene membala aliyense wathyola, ndipo mwezi ukatha ziwerengerozo ziyenera kugwirizana ndi za pasikelo. Zikasiyana ndi kilogalamu imodzi yokha, pamsonkhano sipakhalika.

Laputopu yanga ndi yogula kwa munthu, ya Windows 10, RAM yake (malo amene kompyuta imagwiriramo ntchito zimene zatsegulidwa) 4 GB. Mvula itayamba, nthawi imene tiyi amaphukira kwambiri ndipo zolemba zimachuluka, inayamba ulesi wosaneneka. Ukadina Excel, umatha kukatereka madzi pamoto n'kubwerako isanatseguke. Mkati mwake munkalira ngati njinga yamoto pachitunda. Ine ndinangoti yalowa virus, ndinaikulunga m'chitenje n'kukwera kabaza wa pa Chitakale.

Dzina la shopuyo sinditchula, poti pali pena ndidandaulepo. Ndi kachipinda kamodzi: makina a fotokope pakhomo, benchi, ndi mnyamata mmodzi amene amachita zonse. Ndinadikira ola ndi theka, chifukwa aliyense wobwera ndi satifiketi kapena chiphaso choti achite fotokope ankandipitirira. Ukakhala ndi changu usapiteko m'mawa.

Nthawi yanga itakwana sanamasule kalikonse. Anangodina mabatani atatu pamodzi, Ctrl, Shift ndi Esc, ndipo panatuluka chimene amachitcha Task Manager, mndandanda wa zonse zimene zikuyenda m'kompyuta nthawi imeneyo. Anadina pamutu wolembedwa Memory kuti zodya RAM kwambiri zibwere pamwamba. Chrome inali patsogolo, kenaka Word, Excel, ndi zithunzi zingapo.

"Amayi, zonsezi mukuzigwiritsa ntchito?"

"Zonse ziti achimwene? Inetu ndinatseka."

Apa m'pamene ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndinkadina kamzere kaja ka pakona n'kumati ndatseka, osadziwa kuti kumeneko n'kungobisa. Windo imangotsikira pa taskbar, mzere wa m'munsi mwa sikirini, koma pulogalamuyo ili maso ndipo ikudyabe. Komanso sindinkazimitsa laputopu, ndinkangopinda chivundikiro, ndiye za sabata yatha zinali momwemo. Mu Chrome munali matabu, kapena kuti masamba a pa intaneti otsegula, oposa 20, ena a maphikidwe a keke amene mwana wanga ankaona. Anatsegulanso mbali yolembedwa Startup n'kuletsa mapulogalamu angapo amene ankadzidzukira okha ndikangoyatsa. Virus munalibe.

Koma mnyamatayu ali ndi dzanja lofulumira kuposa pakamwa. Excel itaima n'kulemba Not Responding, iye anangodina End task, batani lotseka pulogalamu mokakamiza, osandifunsa, pomwe m'mawa womwewo ndinali nditalowetsa mayina osasunga. End task siyembekezera munthu, imangodula basi. Titatsegulanso, Excel inabweza zimene inasunga yokha, poti imachita zimenezi pa mphindi 10 zilizonse ngati sunasinthe, koma mizere yomalizira inapita. Anati, "Pepani amayi, ndimayesa munasunga." Ndinavomera, koma mumtima ndinati munthu wogwira katundu wa eni amayamba wafunsa. Madzulo ake ndinakhalira kufufuzanso timapepala ta pasikelo.

Mwina pofuna kundipepesa, anandionetsa chinthu chimene mpaka lero ndimachiona kuti n'chimene ndinalipirira. Makilogalamu ambiri amandipeza ngati zithunzi pa WhatsApp. Kale ndinkatsegula chithunzi, kukopera manambala papepala, kuchibisa, kenaka kuwalowetsa mu Excel, ndipo zolakwika zambiri zinkabadwira pomwepo, 7 kusanduka 1. Iye anatsegula chithunzi, anagwira batani la Windows n'kudina muvi wa kumanzere: chithunzi chinakakhala theka la kumanzere. Anatero ndi Excel kumanja. Zonse ziwiri poyera, diso kuno, chala uko. Akuti zimenezi zinalipo kuyambira pa Windows 7, ya mu 2009, ine osadziwa. Ntchito imene inkanditengera madzulo awiri tsopano ndimaimaliza ana asanagone.

Anandiphunzitsanso Alt ndi Tab, zodumphira kuchoka pa windo ina kupita pa inzake osagwira mausi, komanso batani la Windows ndi Tab, zimene zimayala mawindo onse ngati zovala pachingwe kuti usankhe chimene ukufuna. Pomwepo akuti utha kupanga desktop yachiwiri, ina ya ntchito ina ya ana. Imeneyo sindinaigwiritsepo, imangondisokoneza. Imene ndimaikonda ndi Windows ndi D. Anthu akwathu amakonda kusuzumira kuti aone mnzawo wathyola zingati, ndiye wina akaima kumbuyo kwanga ndimangodina, zonse zii, patsala chithunzi cha phiri.

Pomaliza anandikumbutsa kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, zomwe n'zoona, koma nkhaniyo inakhotera msanga ku laputopu ina imene anali nayo pashelefu. Ndinamuuza kuti ndalama za tiyi sizinafike pamenepo. Sanakakamire, anangoti kuwonjezera RAM kungathandize ndikadzapezako kangachepe.

Anandilipiritsa K5,000, ndipo sindikuona kuti anandibera. Ndingapitenso, koma masana, nditasunga zonse ndisanamupatse makina. Mukapita mutenge cholembera, chifukwa amalankhula mothamanga ndipo sabwereza pokhapokha mumuimitse. Ine mabatani aja ndinawalemba kuseri kwa lisiti lake n'kulimata ndi selotepi pambali pa kiyibodi, ndipo la Alt ndi Tab ndimalisuzumirabe.