Vinyo wotsala timuika muti? Kuyerekeza timabotolo, tizigubu ndi zina zosungiramo

Mukasamutsa vinyo wopangira kunyumba ndi kapaipi kumchotsa pa nsenga zake, sakwananso m'botolo lomwe anali. Mwina demijohn (botolo lalikulu lowiritsiramo vinyo) ya malita 4.5 yatsala ndi malita 4.2, kapena mwadzaza chigubu chagalasi cha malita 3.8 n'kutsala ndi ka vinyo kosakwana theka la lita. Pamene vinyo amawira, mpweya wotuluka mwa iye unkamuteteza. Kuwira kukatha, mpata uliwonse wotsala pamwamba umalowa okosijeni. Vinyo woyera amayamba kuoneka wabulauni, fungo la zipatso limazilala, pamwamba pamayala kachikungu koyera, ndipo mabakiteriya otchedwa Acetobacter amasandutsa mowa kukhala viniga. Choncho posankha chosungiramo, kukula kwa mimba yake si nkhani yaikulu. Chofunika n'chakuti vinyo afike m'khosi, patsale masentimita awiri kapena atatu pansi pa chitsekero.

Mabotolo a vinyo ogwiritsidwa kale ntchito

Amenewa ndiwo amapambana pa vinyo wosakwana malita awiri. Alipo a 187 ml, 375 ml, 750 ml ndi a malita 1.5, lililonse kuwirikiza kawiri linzake. Mukakhala ndi awiriawiri pa saizi iliyonse zili ngati muli ndi chenje m'thumba: muyezo uliwonse mutha kuugawa bwinobwino. Vinyo wa 1,100 ml amalowa mu 750 ndi 375. Wa 550 ml amalowa mu 375 ndi 187. Botolo limalowa pang'ono kupitirira nambala yolembedwapo mukalidzaza mpaka m'khosi, ndiye liyezeni kaye ndi madzi n'kulemba muyezo weniweni pa katepi.

Ubwino wina ngwakuti ambiri mwa mabotolo a 375 ml, 750 ml ndi malita 1.5 ali ndi pakamwa pofanana, pafupifupi mamilimita 18.5 mkati mwake. Chitsekero cha labala cha nambala 2, choboola pakati polowetsa airlock (kachipangizo ka madzi kotulutsa mpweya wa vinyo osalola wakunja kulowa), chimakwana onsewo. Cha nambala 3 n'chokulirapo ndipo chimangokhala pamwamba, koma chimagwira. Pa nambala 2 samalani: chikanyowa n'kuchikanikiza kwambiri chimatsetserekera mkati, ndipo kuchitulutsa ndi ntchito. Chipukuteni, pukutaninso khosi la botolo. Vuto lina ndi kugwa. Kabotolo ka 187 ml kovala airlock kamalemera kumutu, ndiye kaikeni m'kabokosi kothina kapena m'kapu yaikulu.

Tizigubu tagalasi tokhala ndi chogwirira

Pakati pa malita awiri ndi asanu, apa ndi pawo. Kachigubu ka theka la galoni kamalowa malita 1.89, ka galoni imodzi malita 3.79. Koma chenjerani ndi mawu oti galoni: ya ku America ndi malita 3.785 pomwe ya ku Britain ndi malita 4.546. Kusiyana kwake kumaposa botolo lathunthu la 750 ml, ndipo n'komwe kumathandiza. Vinyo akachepa mu demijohn ya malita 4.5, mumamtsitsira m'chigubu cha 3.79 ndipo wotsalayo amalowa m'botolo la 375 ml kapena 750 ml. Zigubu zambiri zotere zili ndi pakamwa pa mazinga pa mamilimita 38 ndipo zimafuna chitsekero cha nambala 6 kapena 6.5. Osangodalira nambalayo, yezani pakamwa ndi rula, chifukwa opanga amasiyana. Chitsekero chochepa chimagwera mkati, chachikulu chimatumphuka chokha usiku.

Mabotolo otakata pakamwa

Amapezeka paliponse, m'masaizi onse, ndipo savuta kutsuka. Apa ndi pomwe ubwino wawo wathera. Vinyo wofika m'khosi la botolo wamba amakumana ndi mpweya pa malo osakwana masikweya sentimita atatu. Pakamwa potakata masentimita 7, malowo ndi pafupifupi masikweya sentimita 38, kuposa kuwirikiza kakhumi. Zivindikiro zachitsulo nazo zimachita dzimbiri zikakhudzana ndi asidi wa vinyo ndi mpweya wa sulphite, mankhwala otetezera vinyo. Ntchito yawo ndi imodzi: kuthiramo nsenga zamadzimadzi za pansi, kuika m'firiji tsiku limodzi kapena awiri, n'kutsanula vinyo wopanda nsenga yemwe wayandama pamwamba. Pamenepa kutakata kwawo kumathandizadi.

Pulasitiki

Yang'anani nambala yomwe ili m'kachizindikiro ka mivi itatu pansi pa botolo. Nambala 1 ndi PET, ya mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi. Ili ndi luso lomwe galasi lilibe: vinyo akachepa mumafinya botolo mpaka afike pakamwa, n'kutseka lili chofinyikacho. Kwa masabata angapo imagwira ntchito bwino, ndipo vinyo akayambanso kuwira mumadziwa msanga chifukwa botolo limafufuma n'kulimba. Kwa miyezi yambiri ayi, okosijeni amadutsa pang'onopang'ono, ndipo botolo likakhala laling'ono vutolo limakula. PET sagwirizananso ndi madzi otentha, amapindika. Nambala 2 ndi HDPE, pulasitiki yosaonekera bwino mkati. Imadutsitsa okosijeni kwambiri kuposa PET ndipo imasunga fungo la zomwe munali kale. Ndi yabwino pa ndowa yowiritsira masiku oyamba, osati posungira.

Kupatula pulasitiki, mabotolo agalasi a mowa a 330 ml ndi 500 ml, makamaka aja okhala ndi chitsekero cha waya ndi kalabala, amatseka mipata yomwe mabotolo a vinyo asiya. Abulauni amatetezanso ku kuwala. Kalabala kake kakauma n'kung'aluka kamalowetsa mpweya, kasintheni. Mabotolo a mu labotale otchedwa Erlenmeyer, a 250, 500, 1,000 ndi 2,000 ml, ali ndi tsinde lotakata moti sagwa chisawawa, ndipo nsenga zimayala mopyapyala. Gulani atsopano okha. Lomwe linasungapo mankhwala osadziwika lisayandikire vinyo, chimodzimodzi chilichonse chomwe munali viniga kapena mafuta.

Kudzaza mpata m'malo mosamutsa

Ena safuna kusaka timabotolo, amangoponya timipira tagalasi m'botolo lalikulu kuti vinyo akwere. Werengani kaye. Kampira ka mamilimita 16 kamatenga malo a 2 ml ndi pang'ono, ndiye mpata wa theka la lita umafuna timipira toposa 230, tonse totsukidwa ndi kuphedwa majeremusi. Tikagwa mwamphamvu tingathe kung'alula tsinde la botolo, ndipo posamutsa nsenga zimabisala pakati pake n'kudya vinyo wina. Pa mpata wa 50 kapena 100 ml n'zomveka. Kupitirira apo, kuthiramo vinyo wina wofanana naye kumaposa. Madzi amasungunula kukoma ndi mphamvu: 300 ml mu demijohn ya malita 4.5 amatsitsa vinyo wa 12 peresenti kufika pa 11 ndi pang'ono, ndipo mukabwereza pa kusamutsa kulikonse mudzamva kusiyana.

Chilichonse chomwe mwasankha, musachitseke ndi chivindikiro cholimba vinyo asanamalize kuwira. Hydrometer (chipangizo choyezera shuga wotsala mu vinyo) iwerenge pansi pa 1.000, kawirikawiri cha m'ma 0.995, ndipo nambalayo isasinthe kwa masiku atatu otsatizana. Mabotolo a vinyo wamba sanapangidwe kuti apirire mphamvu ya mpweya ndipo amaphulika. Mukakayika, ikani airlock ndipo muziona kuti madzi ake sanaume.

Pokonza vinyo wotsatira, onjezani chakhumi pa muyezo womwe mukufuna. Ngati cholinga ndi malita 4.5, yambani ndi malita 5, owonjezerawo awire pambali m'botolo la 750 ml lokhala ndi airlock yake. Pa kusamutsa koyamba mudzadzaza nawo demijohn, ndipo wotsala mudzamtsitsira mu 375 ml, kenako mu 187 ml pa kusamutsa kwachiwiri.