Penti Uti, Dzimbiri Liti pa Kachombo ka Asodzi

Kachombo ka asodzi ka pulasitiki kolumikiza wekha ka kampani ya Revell, kaja ka ku North Sea, nyanja ya kum'mawa kwa England, ka sikelo ya 1:142 (kochepa ka 142 poyerekeza ndi chombo chenicheni), ndakamanga kawiri. Kutalika kwake kumangoposa pang'ono rula ya kusukulu ya masentimita 30, koma kanandidyera miyezi. Koyamba ndinakapenta ndi enamel, penti wamafuta, yekhayekha. Kachiwiri ndinayala acrylic, penti wotsukika ndi madzi asanaume, pansi, dzimbiri nkulijambula ndi utoto wa m'machubu wa anthu ojambula zithunzi. Anzanga amene mwagula bokosi lotere ndipo mukudzifunsa kuti ndalama yotsalayo muiponye pa mabotolo ati, nazi zomwe ndinaona ndi maso anga pa tebulo.

Musanatsegule botolo lililonse, dziwani mmene chombo chenichenicho chinkagwirira ntchito. Zombo za mtundu uwu zinkaponya ndi kukoka ukonde cham'mbali, kawirikawiri mbali ya kumanja mukayang'ana kutsogolo. Ziwiri mwa zomwe anazisunga ku England ndi izi: Ross Tiger, chomangidwa mu 1957 ku Selby, chimene chili padoko ku Grimsby, ndi Arctic Corsair cha mu 1960 cha ku Hull. Mbali yogwirira ntchitoyo inali ndi zitsulo ziwiri zokhota ngati uta, china kutsogolo china kumbuyo, pomwe ankakolekapo matabwa olemera okhala ndi chitsulo m'mphepete, otsegula kukamwa kwa ukonde pansi pa nyanja. Nthawi iliyonse akamakoka, matabwawo ankamenya ndi kukwecha thupi la chombo. Ndiye penti ankasupuka kwambiri pamenepo, kenako potulukira nangula, pa winchi (makina okokera ukonde), ndi pansi pa timabowo totayira madzi a padeki. Mukamwaza dzimbiri mofanana mbali zonse ziwiri, kachombo kanu kaoneka ngati kotayidwa kudambo, pamene mumafuna kaoneke kobwera kumene ndi nsomba.

Tiyambe ndi penti wapansi.

Enamel ndi amene ambiri tinayambira, makamaka timatini ta Humbrol ta mamililita 14. Zimandisangalatsa kuti kampaniyi inabadwira ku Hull komweko, mzinda wa asodzi. Nambala 33 ndi wakuda wosawala, 34 woyera wosawala, 70 wofiira ngati njerwa amene amakhala bwino pansi pa mzere wa madzi, 113 wa mtundu wa dzimbiri. Kwa munthu wopanda airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, enamel ndi bwenzi. Amauma pang'onopang'ono, motero mizere ya bulashi imadzisalaza yokha, ndipo thupi la chombo, lomwe ndi lalitali komanso loonekera, limatuluka losalala. Amagwiranso pa pulasitiki ngakhale simunayale andakoti. Vuto lake loyamba ndi kuchedwa komweko. Muyenera kudikira maola angapo musanabwereze, tsiku lathunthu kapena kuposa kuti alimbe, ndipo m'mwezi wa Okutobala fumbi lonse la m'nyumba limakhala likudikira penti wamuwisi. Ndinaphunzira kuvindikira kachombo ndi katoni ndikangomaliza. Vuto lachiwiri ndi lalikulu: zinthu zambiri zopangira dzimbiri zimasungunulidwa ndi white spirit, mankhwala osungunulira penti wamafuta, ndipo white spirit yemweyo ndi amene amasungunula enamel.

Pa kachombo koyamba ndinapenta thupi lakuda Lachisanu, Lamlungu nkuyamba kuyendetsa bulashi yonyowa ndi white spirit pansi pa bowo la nangula. Ulendo woyamba panalibe kanthu. Wachitatu, nsonga ya bulashi inatuluka yakuda bii, ndipo pulasitiki wotuwa anayamba kuonekera m'kamzere kotalika ngati chikhadabo. Kulakwa kunali kwanga: ndinadumpha vanishi wa acrylic amene amayenera kukhala pakati ngati khoma. Ndinakwecha ndi sandipepa mbali yonseyo nkuyambiranso.

Acrylic ali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Vallejo wa ku Spain, wa m'timabotolo todontheza, ndi wamadzi enieni, alibe fungo lopweteka mutu, ndipo ndi wabwino kwambiri pa bulashi mukamapenta tizinthu ting'onoting'ono monga mabokosi a nsomba, zitseko ndi zingwe. Koma pa pulasitiki wopanda andakoti amasendeka ndi chikhadabo, ndipo tepi yotchingira malo popenta ikhoza kumunyamula yense ngati khungu. Tamiya wa ku Japan ali ndi mowa wa spirit mkati, amasungunulidwa ndi thinala wake wotchedwa X-20A, ndipo pa airbrush ndi wovuta kumuposa: XF-9 ndi wofiira wa pansi pa chombo, XF-69 ndi wakuda wofuwirira amene amaoneka weniweni kuposa wakuda wa XF-1. Pa bulashi ndi wankhanza. Mukabwereza pamalo pomwe payamba kuuma, amakokeka nkupanga timabulu. Onse awiri amauma msanga, ndipo tsiku lotentha amaumira pansonga ya singano ya airbrush, mpaka mumangokhalira kupukuta ndi thonje lonyowa. Ubwino wawo waukulu pa chombo cha asodzi ndi umodzi: akalimba, white spirit sawakhudza. Mukhoza kupaka dzimbiri, kulipukuta, kulipakanso, pansi pali phee.

Lacquer, monga Mr. Color, ndi wolimba kuposa onse, amauma m'mphindi zochepa ndipo tepi saiopa. Koma amafuna airbrush, chophimba kumphuno chosefa mpweya wa mankhwala, ndi mawindo otsegula. M'nyengo ya mvula, mpweya ukakhala wachinyezi, amatha kuchita chifunga choyera pamwamba. Komanso sungamupake mwamphamvu pamwamba pa enamel kapena acrylic, amawakwinyitsa. Ngati mumapentera m'chipinda chomwe ana amagonamo, musiyeni.

Pali funso limene limabwera nthawi zonse: nanga penti wamafuta wa kuhadiweya, wopentera zitseko uja? Ndi wokhuthala kwambiri, amakwirira timisomali ndi timizere ta pa kachombo, ndipo amatenga masiku kuti aleke kumata. Thinala wa kuhadiweya ndiye muchenjere naye kwambiri, chifukwa wambiri ndi wa lacquer ndipo amasungunula pulasitiki weniweniyo. Amene mukufuna ndi white spirit, amene m'mabotolo ochokera ku South Africa amalembedwa kuti mineral turpentine. Ndipo poitanitsa katundu kunja kumbukirani kuti penti woyaka moto amavuta kutumiza pandege, pamene wamadzi ngati Vallejo amadutsa mosavuta. Ambiri a ife chisankho amatipangira ndi amtengatenga.

Tsopano kusupuka kwa penti. Njira zilipo zitatu, ndipo chimene chimaweruza ndi sikelo. Pa 1:142, milimita imodzi pa kachombo ndi masentimita 14 pa chombo chenicheni.

Njira ya mchere ndiyo yotchipa. Mumapenta mtundu wa dzimbiri, kunyowetsa ndi madzi, kuwaza mchere, kudikira kuti uume, kupopera penti wapamwamba, kenako kuchotsa mcherewo. Mbulu ya mchere wamiyala ya mamilimita awiri imasiya bala la masentimita 28 pa chombo chenicheni, lozungulira ngati mbale. Mabala khumi otere pamalo amodzi amaoneka ngati chombo chadwala nthomba. Pa chombo chachikulu cha 1:50, monga Nordkap ya kampani ya Billing Boats, pomwe milimita ndi masentimita 5 okha, mchere wosalala umagwira ntchito. Pa kachombo ka Revell sindikuulimbikitsa. Njirayi imafunanso airbrush, chifukwa bulashi imangokokolola mcherewo.

Njira ya sipule ya tsitsi imapereka zotsatira zokongola kuposa zonse. Pansi dzimbiri, pamwamba pake sipule yopyapyala kawiri, kenako acrylic wopyapyala. Pakatha mphindi zochepa mumanyowetsa malo amodzi ndi madzi, sipule yapansi imasungunuka, ndipo bulashi yolimba kapena kamtengo kotokosera mano kamachotsa penti timagawo tosaoneka kukula kwake, tam'mphepete mokhadzuka ngati zenizeni. Makampani a AK Interactive ndi AMMO amagulitsa mankhwala a m'botolo ochita ntchito yomweyi, ndipo ubwino wawo ndi woti mphamvu yake siisintha. Mukagula sipule kusitolo, onetsetsani kuti ndi youmitsa tsitsi. Zambiri zomwe zimadzaza m'mashelefu kwathu kuno ndi zamafuta zowalitsa tsitsi, ndipo pamwamba pa mafuta penti sagwira konse. Njirayi siilola enamel pamwamba, chifukwa madzi sangamudutse.

Yachitatu ndi siponji, ndipo ndi imene ndimabwererako. Dulani kachidutswa ka siponji ya m'mabokosi a katundu, kang'ambeni ndi zala kuti kasakhale ndi ngodya, kagwireni ndi kopanira, kavikeni mu bulauni wakuda, kenako kadindeni papepala mpaka katsale pang'ono kuuma. Pokhapo mukakhudze m'mphepete mwa chombo. Siifuna airbrush, imalola penti aliyense, ndipo mumaika bala pomwe mukufuna. Choipa chake n'chakuti dzanja limakoma nayo, ndiye muzitembenuza siponjiyo kuti isadinde chithunzi chimodzimodzi, ndipo muleke mukadaona ngati pakuchepa.

Misozi ya dzimbiri, ija imatsika kuchokera pabala lililonse, ndiyo imapatsa chombo zaka zake, ndipo apa ndi pomwe ndalama zambiri zimatayika. Mabotolo okonzeratu a enamel a AK ndi AMMO ndi abwino, sindinganame. Mumagwedeza, kujambula kamzere, kudikira mphindi zingapo, kukokera pansi ndi bulashi yonyowa pang'ono. Koma botolo limodzi ndi mtundu umodzi, limauma msanga pa kachombo, ndipo likakhalitsa m'kabati zamkati zimagwirana pansi. Dzimbiri lenileni lili ndi mitundu yambiri. Lakale ndi lakuda ngati khofi, lapakati ndi lofiirira, latsopano lomwe madzi amchere angolitsitsa usiku ndi la olenji wowala.

Machubu atatu a utoto wa ojambula zithunzi, monga a Winsor & Newton, amakwanira zonsezi: burnt umber (bulauni wakuda), burnt sienna (wofiirira) ndi yellow ochre (wachikasu). Chubu chimodzi chimatha zaka. Ndimafinya kadontho ka mtundu uliwonse pa katoni nkudikira ola limodzi kapena awiri kuti katoniyo imwe mafuta, apo ayi utoto umachedwa kuuma ndipo umawala. Kenako nditenga kamtengo kotokosera mano, ndiika kadontho kakuda kochepa kuposa mutu wa singano pansi penipeni pa bowo lotayira madzi, kadontho kofiirira pansi pake pang'ono. Bulashi yaphwatalala ndiivika mu white spirit, ndiipukuta pansalu mpaka ingotsala yozizira pakhungu la dzanja, nkuikokera pansi kamodzi. Kadontho kaja kamatambasuka kukhala msozi wokhuthala pamwamba, wopyapyala pansi, wozimiririka usanafike pamzere wa madzi. Ukapindika, ndiupukuta wonse nkuyambanso, ngakhale patatha maola. Enamel wa m'botolo sakupatsani mpata wautali chonchi. Malipiro a utoto wa m'machubu ndi kudikira: masiku awiri kapena atatu musanakhudze, ndipo chala chimodzi chosaleza mtima chimasiya chidindo pathupi la chombo.

Misozi iziyenda molunjika pansi monga chombo chikhalira m'madzi, osatsata kupindika kwa deki. Ndimaika kachombo pa choimikira chake nkuyang'ana ndi diso limodzi ndisanakoke bulashi.

Ufa wamitundu, wogula kapena wopala ku choko cha ojambula, uli ndi malo ake ochepa: pa tcheni cha nangula, pa ng'oma za winchi, ndi mwaye pakamwa pa chumuni. Pathupi la chombo umaoneka wouma ngati fumbi la msewu, pamene chombo cha ku North Sea sichiuma. Ena amaviika waya wokwechera mapoto m'madzi mpaka achite dzimbiri, nkuumitsa, nkupera. Ufa wake ndi dzimbiri lenilenidi, koma mbulu zake ndi zazikulu pa 1:142, ndiye musefe ndi nsalu yopyapyala.

Ngati chanu ndi chamatabwa, monga Cux 87 ya Billing Boats, boti logwira nkhanu zazing'ono za m'nyanja ku Germany, malamulo asintha. Thabwa silichita dzimbiri. Penti amasweka motsata mitsempha ya thabwa, pansi pake pamaoneka potuwa, ndipo dzimbiri limangotuluka pamisomali ndi pazitsulo zomangira. Amene munaonapo maboti a matabwa pagombe ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay mukudziwa mtundu wotuwa umenewo, ngakhale madzi a nyanja yathu alibe mchere ndipo sadya chitsulo mwaliwiro ngati a ku North Sea.

Ndiye ine ndikanagula chiyani lero? Wokhala ndi airbrush: andakoti, Tamiya pathupi, Vallejo pa tizinthu tating'ono, sipule ya tsitsi pansi pa zitsulo zokhota zija pokha, siponji kwina konse, machubu atatu. Wopanda airbrush: Humbrol pathupi, dikirani sabata yathunthu, pakani vanishi wa acrylic kawiri, kenako siponji ndi machubu omwewo. Pomaliza vanishi wosawala ponseponse, kupatula padeki pomwe amatumbulira nsomba. Pamenepo ndimadontheza Tamiya X-22 wowala pang'ono m'ngodya za matabwa ndi pakamwa pa timabowo totayira madzi, ndipo pamzere wa madzi ndimakoka kamzere kobiriwira kopyapyala ka ndere, kokhuthala pang'ono chakumbuyo kufupi ndi chiwongolero.